MBIRI YA GILBERT WHITE, MBUSA WA KU SELBORNE WOPENYA ZOLENGEDWA

Kumwera kwa dziko la England, m'cigawo ca Hampshire, ulendo wa mamailo ngati 50 kucokera ku London, kuli mudzi waung'ono dzina lace Selborne. Mudziwo uli ndi mseu umodzi wautali, nyumba ziri mbali iyi ndi iyo. Ndipo kuseri kwa nyumbazo kwaima citunda cotsetsereka, codzala ndi mitengo yaikuru yochedwa beech, cimene eni dziko acicha Hanger. M'caka ca 1783 anawerenga anthu onse a pamudzipo ndi a m'miraga yace, napeza 676 okha. Sipanamenyedwa nkhondo yomveka pamenepo, kapena kubadwa mfumu. Koma dzina la Selborne lafika konse kumene anthu awerenga Cingelezi, cifukwa ca munthu mmodzi amene anabadwira momwemo, nakalambira momwemo, naikidwa momwemo. Nchito imene akumbukika nayo ndiyo kupenya zolengedwa za pakhomo pace, ndi kulemba cimene anaona, osaonjezapo.

Munthuyo ndiye Gilbert White. Anabadwa pa 18 Julaye 1720 m'nyumba ya agogo ace, amene anali mbusa wa Selborne, ndipo dzina la Gilbert analitenga kwa iwo. Anali mwana wacisamba m'banja la ana ambiri. Atakula anamtumiza ku Oxford, nalowa sukulu yaikuru ya Oriel. M'caka ca 1744 anamlandira m'gulu la akuru ophunzira amene asunga sukuluyo ndi kudya za m'nkhokwe yace, ndipo m'caka ca 1749 anadzozedwa akhale mbusa mu Eklesia wa England. Kwa mnyamata wotere njira ya ku maudindo apamwamba inali yotseguka. Koma mtima wace unali kwao. Ndipo kwaoko khomo linali lotseka. Pakuti masiku aja mpingo uli wonse unali ndi mwini wace wosankha mbusa, ndipo mwini wa mpingo wa Selborne inali sukulu yina ya ku Oxford, ya Magdalen, imene inapatsa malowo ana ace okha. Cotero White, pokhala wa ku Oriel, sakadatha kukhala pa mpando wa agogo ace, ngakhale akadadikira zaka zana. Kangapo anamuitana ku mipingo yina ya malipiro abwino, yakutali ndi kwao, koma anakana. Anasankha kukhala wothandiza cabe, wogwira nchito m'malo mwa mbusa mwini. Zaka zoposa 20 anali kukwera kavalo kunka ku Farringdon, mudzi woyandikana nao, kukacititsa mapemphero. Ndipo kuyambira 1784 kufikira imfa yace anatumikira m'chalichi ca Selborne momwemo, koma monga wothandizabe. Inu aphunzitsi ndi alaliki a m'midzi, amene mudziwa kusenza katundu pamene dzina liri la wina, simudzasowa wokumasulirani za malo otere.

Tisabise cinthu cimodzi cimene sitingacitame. M'caka ca 1757 analandira mpingo wa Moreton Pinkney, kutali m'cigawo ca Northamptonshire, nadya malipiro ace kufikira imfa, koma osakakhala kumeneko. Anaikako wina womgwirira nchito. Unali mwambo wa abusa ambiri a nthawi ija. Koma anthu a kumeneko sanadziwa nkhope ya mbusa wao, ndipo mwambo sukoma cifukwa cakuti oucita acuruka.

White sanakwatira. Anakhala m'nyumba ya banja lao yochedwa The Wakes, imene inakhala yaceyace m'caka ca 1763, ndipo ana a abale ace, amene anali ambirimbiri, anali kudza kudzamcezera. Ciyambi ca nzeru zace cinali m'dimba. M'caka ca 1751 anayamba buku lolembamo za kumunda: tsiku limene anafesa, tsiku limene mbeu inamera, limene cisanu cinaocha mmera, limene anathyola nkhaka ndi mabvwende. Pamodzi ndi mphwace John anasema njira yokhotakhota yokwera pa Hanger, naitsiriza m'caka ca 1753, ndipo anthu akwerapo kufikira lero. Pang'onopang'ono mbalame, tizirombo ndi nyengo zinayamba kulowa m'bukumo pakati pa kabici ndi nyemba. Ndipo kuyambira caka ca 1768 analemba m'buku la mizere yodindiratu, limene anamtumizira Daines Barrington, munthu wa malamulo wa ku London, tsamba limodzi la sabata imodzi: mzere wa mphepo, mzere wa kutentha ndi kuzizira, wa mvula, wa mtengo woyamba kuphuka, wa mbalame yoyamba kuoneka kapena kuimba. Masamba otere anawadzaza zaka 25, kufikira masiku owerengeka asanamwalire.

Wotsegula tsamba limodzi la mabukuwo adzati, Kodi nzeru iri pati? Pakuti apeza timau tocepa cabe, ta mphepo ndi mvula, ta njuci, ta udzu wodulidwa, ta mbalame yakuti imene yaoneka pa dziwe. Koma mau a tsiku limodzi ali ngati njere imodzi ya mapira, imene payokha sikhutitsa ngakhale nkhuku. Zikaunjikana zaka 10 ndi zaka 20, pamenepo munthu akhoza kuceukira m'mbuyo ndi kunena motsimikiza kuti mbalame yakuti ifika sabata yakuti, ndipo caka cino yacedwa. Mtima wa munthu uiwala, ndiponso ukometsa. Nkhalamba iri yonse idzakuuzani kuti mvula ya kale inali yabwino. Colembedwa tsiku lomwelo ndico cokha cimene sicisintha mau ace.

Masiku amenewo akuru a nzeru za zolengedwa anali kuphunzira makamaka m'zipinda. Amalinyero ndi osaka anawatengera zikopa za mbalame, mapfupa, ndi tinyama tobviikidwa m'mabotolo. Iwo nayesa milomo ndi nthenga, nazipatsa maina a Cilatini monga mwa dongosolo la Linnaeus wa ku Sweden. Nchitoyo White sanaipeputsa, ndipo mainawo anawadziwa bwino. Koma cikopa sicinena kadyedwe ka mwini wace, kapena kaimbidwe kace, kapena kamangidwe ka cisa. Iye anafuna kudziwa makhalidwe a cinthu cikali camoyo. Ndipo anayesa kuti munthu wopenyetsa dera limodzi laling'ono adzapindulitsa nzeru koposa wofuna kufungatira dziko lonse. M'caka ca 1767 anayamba kulemberana makalata ndi Thomas Pennant, mlembi womveka wa buku la nyama za ku Britain, ndi pambuyo pace ndi Barrington yemwe. M'makalata amenewo ndimo muli zambiri za izi titi tinene.

Tiyambe ndi timbalame titatu. Pakutha pa cisanu kufika m'nkhalango za England timbalame tating'ono ta maonekedwe a tsamba, tofanana kwambiri, kotero kuti ophunzira sanatisiyanitsa bwino. White anachera khutu zaka zingapo, namva nyimbo zitatu. Kena kalira mau awiri okha akuthwa, kubwerezabwereza osatopa. Kena kaimba nyimbo yofewa yokondwera, yoyamba pamwamba ndi kutsikira pansi. Kacitatu kakhala kunsonga kwa mitengo ya beech, ndipo polira kanjenjemeretsa mapiko, mau ace ngati a ciwala. Anaganiza kuti nyimbo zitatu zitanthauza mitundu itatu. Pofuna umboni anatenga mitembo ya tonse titatu (pakuti mfuti anaidziwa kuyambira unyamata, ndipo magalasi abwino openyera mbalame patali panalibe masiku aja), natigoneka pagome, napeza kuti tisiyanadi msinkhu ndi maonekedwe a miyendo. Izi analembera Pennant m'caka ca 1768. Lero timbalameto tichedwa chiffchaff, willow warbler ndi wood warbler, ndipo palibe wotsutsa. Kaciwiriko, kolemera ngati magalamu 9, kafika ndi kuno kwathu m'dzinja, kucokera kumpoto kwa Ulaya ndi Asia, ndi kumalumphalumpha m'misangu ndi m'mithethe, anthu osakasamala.

M'caka ca 1767 anthu anamtengera kambewa kofiira kumsana, koyera kumimba, kamene sikanalembedwa m'mabuku a ku England. Kameneka kamanga cisa cace m'mwamba, pakati pa mapesi a tirigu, coluka ndi masamba, cobulungira ngati mpira. Cisa cimene iye anaciona cinali ndi tiana 8 tosapenya, khomo lace losaoneka, ndi colukika molimba kotero kuti anacikunkhuniza pagome osapasuka. Anaika timbewa tiwiri pa muyeso, ndipo tonse tiwiri tinalingana ndi kakobiri kamodzi ka mkuwa, theka la peni. Anapezanso mleme waukuru wouluka pamwamba, umene a kwao sanauzindikira kuti ndi mtundu pa wokha. Ndipo usiku anachera khutu kwa akadzidzi, bwenzi lace lina liri ndi kacitoliro koyesera nyimbo, kuti adziwe ngati onse alira pa liu limodzi. Anapeza kuti iai. Ife tikamva kadzidzi pa denga tiyamba kuganiza za maliro, ndipo anthu a m'midzi ya England anamuopa cimodzimodzi; mbusa wao anali kufunsa za liu.

Sanaopa kutsutsa akuru pamene maso ace anaona zina. Ku Ulaya kuswa mbalame yochedwa cuckoo, yosamanga cisa, imene iikira dzira lace m'cisa ca mbalame yina ndi kuisiyira kulera. Sing'anga wina wa ku France, dzina lace Hérissant, anaitumbula, nanena kuti cifukwa cace ndi ici, cakuti cifu cace cikhala kumunsi kwa mimba, ndipo motero sikhoza kufungatira mazira. White anatumbula cuckoo, napeza kuti za cifuzo nzoona. Koma sanalekera pomwepo. Analingalira kuti ikapezeka mbalame yina ya cifu cotere imene ifungatira mazira ace, ndiye kuti cifukwa cija cagwa. Anatumbula lumbe, amene adziwika kuti afungatira mazira ace pansi, napeza cifu ciri pamalo pomwepo. Ndipo analemba kuti cifukwa ceniceni cikali cobisika. Lumbe yemweyo anthu a kumidzi anamnamizira kuti ayamwa mbuzi ndi kudwalitsa ana a ng'ombe. White anaonetsa kuti m'mimba mwace mupezeka agulugufe a usiku ndi zikumbu zokha, ndi kuti zotupa za pamsana pa ng'ombe zicokera ku mphutsi za nchenche yina.

Koma mwa zonse anazilemba, ife tiyesa kuti mau opambana ndi aja a caka ca 1777, onena za nyongolotsi za m'nthaka. Alimi ndi osunga maluwa anadana nazo, poyesa kuti zidya mmera. White anati iai. Oononga mmera ndi nkhono zopanda cigoba ndi mphutsi, koma nyongolotsi ndizo zilima pansi pamene khasu silifika. Ziboola nthaka kuti mvula ilowe ndi mizu ipeze njira. Zikokera mapesi ndi masamba m'mauna mwao. Ndipo timiulu tadothi timene zitiunjika pamtunda ndi manyowa okoma. Popanda izo nthaka ikadauma gwa, nikhala yosabala. Anaona kuti zamoyo za dera limodzi zidalirana monga mphete za unyolo, ndi kuti ikaduka mphete yonyozeka, unyolo wonse umva. Pena analemba za ng'ombe zoima m'dziwe pothawa dzuwa: ng'ombe igwetsa ndowe m'madzi, ndowe idyetsa tizirombo, tizirombo tidyetsa nsomba. Analakalaka kuti wina adzalembe buku lathunthu la nyongolotsi. Zinapita zaka 104, ndipo Charles Darwin analilemba m'caka ca 1881, buku lace lotsiriza, atazipenya zaka zoposa 40. Darwin yemweyo anakumbukira pa ukalamba wace kuti buku la White ndilo linamcititsa, akali mnyamata, kupenya makhalidwe a mbalame ndi kuwalemba; ndipo m'caka ca 1857 anapita kukaona Selborne ndi maso ace.

Za kamba wace tinene pang'ono, pakuti ana amkonda. Kambayo, dzina lace Timothy, anagulidwa kwa mmalinyero m'caka ca 1740, nakhala zaka 40 m'munda wa azakhali ace a White ku Ringmer. Atamwalira iwo m'caka ca 1780, White anamfukula pamene anadzikwirira, nabwera naye ku Selborne m'bokosi la dothi. Anamuyesa pa sikelo caka ndi caka; analemba tsiku lolowa pansi pothawa cisanu ndi tsiku loturuka; anamuika m'madzi kuona ngati asambira, ndipo anamira nayenda pansi; anamfuulira ndi lipenga kuona ngati amva. Timothy anafa m'caka ca 1794, mbuye wace atatsogola kale. Cigoba cace cisungika ku Natural History Museum ku London, ndipo odziwa atacipenya anapeza kuti Timothy anali wamkazi.

Phindu la kulemba mokhulupirika lioneka bwino pa za caka ca 1783. Kuyambira 23 Juni kufikira 20 Julaye kunagwa nkhungu yacilendo, youma ngati utsi, imene sinacoka ngakhale mphepo inatembenuka mbali zonse. White analemba kuti dzuwa la usana linali lotumbuluka ngati mwezi wa m'mitambo, kuwala kwace pansi kofiira ngati dzimbiri, ndipo poturuka ndi polowa linali ngati mwazi. Kunatentha kotero kuti nyama yophedwa lero inabvunda mawa, ndipo nchenche zinasautsa akavalo. Anthu a kumidzi anacita mantha, ndipo iyenso anabvomera kuti panali cifukwa ca kuopa, nachula zibvomezi zimene anamva kuti zinagwedeza Italy. Koma gwero la nkhunguyo sanalidziwa. Analemba masiku ndi maonekedwe. Lero tidziwa kuti pa 8 Juni caka comweco nthaka inang'ambika ku Laki, pa cisumbu ca Iceland, niturutsa moto ndi mpweya woipa miyezi 8. Ziweto zinafa, njala inapha ngati munthu mmodzi mwa asanu ali onse a pa cisumbupo, ndipo utsi wace unaphimba Ulaya. Ofufuza za mapiri a moto awerengabe mau a mbusa wa ku Selborne monga a mboni yoona ndi maso.

Tsono tifike pa funso limene linamsautsa moyo wace wonse, ndilo la anamzeze. Ku England anamzeze afika mwezi wa Epulo, namanga zisa m'makola ndi m'macumuni, naswa, ndipo pakutha pa Okutobala asoweka. Apita kuti? Ife funsoli litiseketsa, koma masiku aja linagawanitsa anthu anzeru. Kuyambira kale lomwe panali ciphunzitso cakuti anamzeze sacoka, koma abisala m'mapanga ndi m'mphako, nagona tulo tofa nato kufikira kutafunda. Ena anati amira m'maiwe, nagona m'matope pansi pa madzi, ndipo Linnaeus mwini anakhulupirira comweco. Barrington anakayika ngati kambalame kotere kangaoloke nyanja. Koma mphwace wa White, John uja wa njira yokhotakhota, anali mbusa wa asilikari ku Gibraltar, pamene Ulaya ndi Africa ziyandikana, ndipo analembera mkuru wace kuti aona magulu a anamzeze ndi mbalame zina alikuoloka, kunka kumwera pofika cisanu, ndi kubwera pakutha pace.

White anaima pakati. Anabvomera kuti ambiri acoka. Anawaona atasonkhana pa madenga ndi pa zitsamba m'mamawa wa nkhungu, monga aulendo omanga katundu. Koma cimene cinamkayikitsa ndi ici: nthawi zina mwezi wa Novembala, anzao atapita kale, likadza tsiku lofunda anaona owerengeka alikuuluka m'mbali mwa Hanger, ndipo m'mawa mwace osaonekanso. Anadzifunsa ngati tiana toswedwa mocedwa, tosalimba mapiko, tingafikedi ku Africa, kapena tibisala pafupi pomwepo. Ndipo mileme, ndi kamba wace yemwe, zinamuonetsa kuti tulo ta cisanu si nthano ai. M'caka ca 1781 analemba anthu aganyu kuti akafunefune m'zitsamba ndi m'maenje a pa citundaco, pamene anaona mbalamezo zirikutera madzulo. Anafunafuna, osapeza kanthu.

Apa White analakwa, pakuti palibe namzeze agona tulo ta cisanu ku England. Aja a Novembala anali otsalira m'mbuyo cabe. Koma taonani kalakwidwe kace. Mtima wace unafuna kuti anamzeze akhale a ku Selborne caka conse, pakuti anawakonda koposa mbalame zonse. Ndipo kukadakhala kwapafupi kutola mbiri za anthu ena, onena kuti anafukula anamzeze ogona m'matanthwe kapena m'makoma akale, ndi kuzilemba monga ngati zatsimikizika. Iye analemba zakumva monga zakumva, zoona ndi maso monga zoona ndi maso. Ndipo za kufunafuna kuja analemba poyera kuti sikunabala kanthu. Anamwalira funsolo lisanayankhidwe.

Yankho linadza ndi kamphete. M'caka ca 1899 mphunzitsi wa sukulu wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, anayamba kubveka mbalame timphete topepuka ta manambala ku mwendo, ndipo ku Britain anayamba comweco m'caka ca 1909. Mwezi wa Meyi 1911 namzeze wina anabvekedwa mphete ku Staffordshire. Mwezi wa Disembala 1912 anagwidwa pa famu yina ku Natal, ku South Africa, ulendo wa mamailo ngati 6,000. Kuyambira pamenepo mphete zambiri zapezeka, ndipo zatsimikiza kuti anamzeze a ku Britain adutsa France ndi Spain, ndi cipululu ca Sahara, ndi nkhalango za Congo, kufikira kumwera kwenikweni. Mtundu womwewo, wa khosi lofiira ndi mcira wa mphanda, ndiwo tiuona kuno kuyambira Okutobala, utandandalika pa mawaya ndi kugona m'mabango a m'madambo, ndi kucoka mvula ikamatha. Ndipo pamene anamzeze ena a kwathu amata zisa zadothi pa makonde athu, uwu sumanga kuno. Cotero makolo athu a m'masiku a White anali nalo theka la yankho pamwamba pa minda yao, iye ali nalo theka linalo pa denga lace, ndipo panalibe wonyamula mau pakati pao.

Makalata aja anawasonkhanitsa atakalamba, 44 a kwa Pennant ndi 66 a kwa Barrington, nawakonza, naonjezapo mbiri yakale ya mudziwo. Mphwace wina, Benjamin, wogulitsa mabuku ku Fleet Street m'London, ndiye anasindikiza. Ndipo bukulo, The Natural History and Antiquities of Selborne, linaturuka liri ndi caka ca 1789 pa tsamba lace loyamba, caka comwe dziko la France linayamba kuwira ndi cipanduko. Mwini wace anali wa zaka 68, ndipo buku lina sanalemba. Pamenepo makutu ace anali atayamba kale kugontha, cinthu cowawa kwa munthu amene anadziwa mbalame ndi nyimbo zao. M'bukumo muli za anthunso. Muli kapangidwe ka nyali za mlulu wobviikidwa m'mafuta a nkhumba, zimene osauka anaunikira nazo. Muli za khate, limene iye anayesa kuti linatha m'dzikomo cifukwa anthu anayamba kudya ndiwo zamasamba ndi mkate wabwino m'malo mwa nyama ndi nsomba za mcere, ndi kubvala nsaru zocapika. Kacirombo ka khate kanadziwika m'caka ca 1873, iye atapita kale.

Anagwira nchito ya ubusa kufikira mwezi wace wotsiriza, namwalira ku The Wakes pa 26 Juni 1793. Anasiya mau akuti maliro ace akhale opanda cionetsero, ndi kuti amnyamule anthu 6 aganyu, makamaka olera ana ambiri, ndipo yense alandire masheleni 10. Manda ace ali kumpoto kwa chalichi, ndi kamwala kakafupi kolembedwa G.W. ndi tsiku la imfa yace, osaposa apo.

Bukulo silinaleka kusindikizidwa kuyambira pamenepo, ndipo laturuka mwatsopano pafupifupi ka 300. Linalimbitsa mtundu wina wa anthu: abusa, aphunzitsi, asing'anga ndi alimi amene, osalipidwa ndi munthu, asunga kabuku ka mbalame ndi maluwa a kwao. M'zaka zace zotsiriza White analemberana makalata ndi Robert Marsham wa ku Norfolk, amene anayamba m'caka ca 1736 kulemba masiku a kuphuka kwa mitengo, ndipo zidzukulu zace zinapitiriza kufikira 1958. Mabuku otere ndiwo athandiza ofufuza a lero kuona kuti ku England mitengo iphuka msanga kuposa kale, popeza dziko lirikufunda. M'caka ca 1885 linayambika bungwe loteteza mbalame ndi zomera lochedwa Selborne Society. M'caka ca 1920 anaika m'chalichi muja zenera la magalasi amawangamawanga, loonetsa Francis wa ku Assisi pakati pa mbalame zochulidwa m'bukumo. Ndipo kuyambira 1955 nyumba ya The Wakes yatsegukira alendo. M'nyumba momwemo asungamonso za Frank Oates, Mngelezi wina wokonda zolengedwa, amene anafika pa mathithi a Victoria Falls pa Zambezi pakutha pa caka ca 1874, nafa ndi malungo pobwerera.

Yatsala mbalame imodzi. Pa nsanja ya chalichi ca Selborne ndi m'madenga audzu inali kuswa mbalame yofanana ndi namzeze, yakuda, ya mapiko atali opindika ngati zenga, imene Angelezi aicha swift. White anaipenya kwambiri, nalemba kuti idya ndi kumwa irikuuluka, ndi kuti yaimuna ndi yaikazi zikomana m'mlengalenga. M'caka ca 1778 analemba kuti caka ndi caka awerenga mabanja 8, osacuruka osacepa, ngakhale caka ciri conse aswa ana. Nafunsa kumene apita oonjezekawo, ndi cimene ciletsa ciwerengero kukwera. M'caka ca 1983 ophunzira awiri, John Lawton ndi Robert May, anapita kukawerenganso. Madenga audzu ambiri anali atacoka, pa nsanja panalibe zisa, koma m'mudzimo anapeza mabanja 12. Kuyambira 1995 mbalamezi zacepa m'Britain koposa theka, ndipo ofufuza ayesa kuti cifukwa cina ndi nyumba zatsopano, zimene zilibe ming'alu yoswamo. Tsopano azibveka timakina tating'ono tolemba ulendo. Ndipo m'caka ca 2016 ofufuza a ku Lund, ku Sweden, anaonetsa kuti swift akhoza kukhala m'mwamba miyezi 10 osatera. A ku England acoka mwezi wa Ogasiti, nafika ku Congo, ndipo ena atsata mvula kufikira ku Malawi ndi ku Mozambique. Pa Disembala ndi Januwale, mitambo yakuda ikaunjikana ndi inswa zikaturuka m'culu, mudzawaona pamwamba penipeni, magulumagulu, alikuzungulira patsogolo pa mvula.